Tsiku Limene Anagumula Uvuni Wanga

Tawonga, tazimitsa kaye kafoni kakoko. Wati kakuti chiyani? Mawa kugwa mvula? Chabwino, tiona. Inu ana a masiku ano mvula mumaifunsa m'thumba, ife tinkaifunsa kumwamba mpaka khosi kuwawa. Senderani kuno nonse, ndi iwe Wongani, musiye galuyo agone. Dzulo munandifunsa chifukwa chake anzanu akatsekera sukulu amapita kumudzi kukakukuta chimanga chachiwisi, pamene inu mumangokhala pano pa boma n'kumapuma fumbi la kumsika. Ndinakuyankhani kuti ndatopa, koma sikunali kutopa ayi. Mudzi tinali nawo, munda tinali nawo, ndiponso ndinali ndi mnzanga woposa mbale wa bere limodzi. Zonsezo zinapita ndi mvula ya tsiku limodzi.

Ine kwathu ndi ku Dedza, izi mukuzidziwa, ngakhale Chichewa chanucho chimakhotera kwa amanu. Ndinabwera kuno kumpoto ndili mnyamata wa ndevu zowerengeka, pa lole, ndi bulangete limodzi ndi supuni m'thumba, kudzagwira ntchito m'nkhalango ya paini ku Viphya. Kumeneko kunali anthu a zilankhulo zonse. Ena ankabzala, ena ankadulira nthambi, ena ankacheka matabwa. Ine anandiika pa nsanja. Musaseke, sinali nsanja yoyanikapo mbale ngati ili kuseriyi. Inali yaitali kuposa mitengo yonse, itamangidwa pamwamba pa phiri, ndipo kumwamba kwake kunali kanyumba kokwana munthu mmodzi ndi mpando wake. Ntchito yanga inali kuyang'ana utsi. Ndikauona ndinkapukusa lamya kuitana ozimitsa moto. Inali lamya ya chogwirira, yopukusa mpaka thukuta, osati zanuzi zomangosisita ndi chala ngati mukunyengerera mphaka.

Munthu woyang'ana utsi amaphunzira mphepo asakufuna, pakuti moto umapita kumene mphepo yautuma. Zaka zikamapita umayamba kuona mmene zinthu zakumwamba zimayendera. Kum'mawa kwa nsanja ija, kutali pansi, kuli nyanja. Dzuwa likaitentha, chinyontho chimakwera. Mwera ukawomba umachikankhira kumapiri, ndipo chikakwera pamwamba chimazizidwa n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza, monga madontho aja amalendewera kunsi kwa chivundikiro amanu akamaphika nyemba. Mphepo ija ikamatsikira mbali ino ya Mzimba imakhala itakamidwa kale, yatsala youma. N'chifukwa chake ku Chikangawa anthu amavala majuzi masana pamene ife pano milomo ikung'ambika. Mvula yeniyeni ya dzinja lathu kuno sichokera kunyanja. Imadikira mphepo ina, yofunda ndi yolemera, yochokera kumpoto chakumadzulo, imene akuluakulu a pantchito ankaitcha mphepo ya ku Kongo. Ikafika imeneyo, ngakhale mchere wa m'chitini umanyowa wokha. Kaya kusukulu amakuphunzitsani bwanji, koma ine ndimati zochitika za tsiku limodzi ndi zina, chizolowezi cha dera ndi china. Tsiku likhoza kukunamiza, koma chizolowezi cha dera umachidziwa ukakhalamo zaka zambiri.

Nkhalango ya paini inu simuidziwa, mumangoona zitsa mukamadutsa pa basi. Tchire lakwathu limalankhula, mumakhala mbalame, ziwala, anyani. M'paini mumangoti zii. Pansi pamakhala masamba ake aja onga singano, ofewa, mwakuti ngakhale mapazi ako omwe suwamva. Nkhungu ikalowamo, mtengo uliwonse umafanana ndi unzake, ndipo munthu umatha kusochera nyumba yako ili pompo.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinakwera makwerero m'mamawa, nkhungu ili tho, mpaka ndinatulukira pamwamba pake. Pansi ponse panali mbee, ngati dziko alifufuta, dzuwa lili kumbuyo kwanga. Nditayang'ana kumadzulo ndinaona chimunthu chitaima pa nkhungupo. Chinali chachitali, miyendo yake yosaoneka polekezera, ndipo mutu wake unali utazunguliridwa ndi kautawaleza. Ndinagwira chitsulo cha nsanja, icho chinagwiranso. Ndinakweza mkono, icho chinakweza. Ndinayesa kupemphera, koma pemphero limene linabwera m'mutu linali la chakudya. Patapita nthawi ndinazindikira kuti ndi chithunzithunzi changa chomwe, dzuwa lachiponya pa nkhungu ngati pa khoma. Komabe kudziwako sikunachotse mantha, chifukwa nkhungu ikamasuntha, icho chinkaoneka ngati chikundiyandikira.

Munthu yekhayo amene ndinamuuza zimenezi anali aZgambo. Iwo anali ocheka matabwa, akuno kwa Mzimba konkuno, kumudzi wina kuseri kwa Embangweni. Nyumba zathu pa msasa zinali zoyandikana. Anali munthu wa chifuwa chachikulu, wanthabwala, wodya tsabola ngati ndiwo, koma makwerero ankawaopa koopsa, mwakuti nsanja yanga sanaikwerepo. Bambo anuwa atadwala chibayo ali khanda, ndi aZgambo amene anawanyamula pachifuwa, m'kati mwa jekete, n'kuyenda nawo m'nkhungu mpaka kuchipatala, ine ndikungotsatira m'mbuyo ngati mwana. Munthu wotero mungamutche chiyani? Atamva za chimunthu chija anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo kuyambira pomwepo akamandionetsa kwa anthu ankati, "Mnzanga uyu ngoopsa chomene, amaima pamwamba pa mitambo."

Zipani zitachuluka zinthu zinasintha. Ufulu unabwera, inde, nafenso tinavina nawo, koma ntchito inayamba kutha ngati sopo. Ambiri tinauzidwa kuti tizipita kwathu. Nsanja zinasiyidwa, moto unkayaka popanda woupukusira lamya, macheka anachuluka, mitengo inayamba kupita pa malole usana wonse. Amene anatsala kumeneko amati nkhungu siikhalanso ngati kale. Mitengo ija inkaikola n'kuidonthetsera pansi pang'onopang'ono, tsono ikole pa chiyani, pa zitsa? Sindidziwa zonse, koma timitsinje tina timene ndinkasambamo lero ndi njira za mbuzi.

Kupita kwathu kunali kosavuta kunena. Ku Dedza malo a kuchikazi kwa agogo anu anali atagawidwa kalekale, ife tili kuno. Tinakhala pa khonde titagwira m'masaya, ndipo aZgambo anatipeza pomwepo.

"Mupite kuti, aMbewe?" anatero. "Tiyeni kukaya kwathu. Malo alipo, ng'ombe zilipo. Mbwenu mudzafere kwa ine."

Tinakwera lole ya matabwa mpaka pano pa boma, kenaka matola mpaka ku Embangweni, agogo anu atakhalira mtondo, nkhuku zili pamiyendo. Kuchokera pamenepo tinayenda pa ngolo ya aZgambo. Inu mumadandaula minibasi ikachedwa pang'ono. Ngolo imakuphunzitsa kudekha, ndipo matako amakumbukira ulendowo sabata yathunthu. Tinafika m'chilimwe chenicheni, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Anatilandira bwino, ndisaname. Anatipatsa chindongwa, lomwe ndi thobwa lakuno, ndi chambiko cha m'chipanda, chosiyana ndi cha m'mapaketi chimene mumachilirirachi. Agogo anu, amene moyo wawo wonse anali Nabanda, anasanduka Nyabanda tsiku lomwelo. Anatipatsa kanyumba kakale kogonamo, munda wa m'mbali mwa dambo, ndi chulu choti ndiumbirepo njerwa za nyumba yathu.

Tsono mverani mmene pakamwa pamagwetsera munthu. Munda wathu unachita malire ndi wa Anyamoyo, mayi wamasiye amene ankalera zidzukulu yekha. Tsiku lina ndinawapeza atayanika ufa pa mphasa, kumwamba kuli mbee. Koma ine ndinali nditaona timitambo tikutukumuka ngati bowa kum'mawa, ndi anamzeze akuuluka motsika.

"Amayi, longani ufawo," ndinatero. "Dzuwa likapendeka kubwera mvula."

Anaseka. "Adada, vula ya kuti? Kapena kwanu ku Dedza."

Dzuwa litapendeka inagwa, chizimalupsa, mvula yoyamba ija imazimitsa matchire otenthedwa. Ufa wawo unasanduka phala. Kuyambira pamenepo amayi a m'mudzimo asanayanike kanthu ankayamba afunsa ine. Ndinkasangalala nazo, ndani sakonda kufunsidwa? Pafupi ndi chulu chija ndinazika nsungwi n'kumangirirapo kasanza, chizolowezi cha kunsanja, kuti ndizionera kumene mphepo ikuchokera. AZgambo nawo ankanyadira mlendo wawo. Pa mowa ankafotokoza nkhani ya chimunthu cha pa nkhungu, n'kumathirako mchere, kuti chinandipatsa moni, kuti tinkacheza m'mawa uliwonse. Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo.

Njerwa anthu amaumba m'nyengo yozizira n'kuziotcha chilimwe chisanathe. Ine ndinafika mochedwa, koma sindinafune kugonera dzinja lonse m'nyumba ya eni. Ndinaponda dothi la pachulu mpaka miyendo kuchita dzanzi, agogo anu akutunga madzi kudambo, ndipo ndi chikombole chobwereka tinaumba njerwa zokwana nyumba ya zipinda ziwiri. Zitauma tinazisanja, tinapanga uvuni, tinaumata ndi dothi n'kuufunditsa udzu pamwamba. Kunatsala nkhuni zokha. Koma mitengo ya pafupi ndi mudzi inali itathera ku fodya ndi makala, zipika zinali kutali, zofunika ngolo, ndipo ng'ombe imodzi ya aZgambo inatupa phazi n'kuyamba kutsimphina. Uvuni unangoima choncho wosaotcha, makomo ake akuda ali yasa, kuyang'ana kumudzi.

Pali mawu amene anthu amanena, kuno ngakhalenso kwathu, akuti mwini zidina, ndiye kuti njerwa zosaotcha, safuna mvula, ndipo ena mwa iwo amadziwa kuimanga kuti isagwe. Ndinkawadziwa mawuwo, koma ndinkawayesa nthabwala za pa mowa.

Mvula inagwanso kachiwiri, anthu anabzala, ifenso tinabzala. Chimanga chinamera bwinobwino. Kenaka kumwamba kunatseka. Masamba anapota ngati a anyezi, n'kuuma. Kutawaza pang'ono anthu anabzalanso, mbewu inapsera m'nthaka. Ng'amba yokha si yachilendo, aliyense waionapo. Choopsa chinali china. Masana aliwonse mitambo inkasonkhana kum'mawa, chaku nkhalango ya Perekezi, yakuda bii. Mvula inkabwera ngati chinsalu chopachikidwa, ife tikuiona, tikumva fungo lake, tikumva mkokomo wake. Inkafika tsidya lija la dambo n'kuima. Ng'ombe za tsidyalo zikunyowa, zathu zikupuma fumbi. Inkaima choncho ngati munthu wafika pakhomo pamene pali galu, kenaka kamphepo kouma kankawomba, iyo n'kubwerera. Anthu ankatsala ataima m'minda, makasu ali m'manja.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Mvula zoyambirira zimakhala za mtambo umodziumodzi, ndipo mitambo yotere imakonda kumene kuli mapiri ndi mitengo. Mudzi wathu unali pachigwa choyera, ndipo mphepo yokamidwa ija inali isanasiye kuwomba. Koma ndikuuzeni zoona, ana inu, kudziwa ndi kwina, kuona ndi maso tsiku ndi tsiku ndi kwinanso. Tsiku lina masana kamvuluvulu anadutsa pakati pa mudzi, anasiya nyumba zonse, anafika pa uvuni wanga, anauzungulira n'kunyamula udzu wa pamwamba, ndipo anathera pomwepo. Anthu anaona. Inenso ndinaona, ndipo kuyambira tsikulo sindinkakonda kudutsa pafupi ndi makomo aja ndekha dzuwa lili paliwombo.

Palibe amene ananditukwana. Moni yekha ndi amene anafupika. Agogo anu akafika pachitsime nkhani zinkatha. Kutchalitchi kunali mapemphero a mvula, ndipo benchi imene tinakhalapo inatsala ndi malo ambiri pamene ena anaimirira kumbuyo. M'mawa wina ndinapeza wina atathira mzere wa phulusa kuzungulira nsungwi yanga ija. Nkhani ya chimunthu cha pa nkhungu inkanenedwabe, koma tsopano monong'ona, ndipo palibe ankaseka.

AZgambo okha ndi amene sanasinthe. Ankabwera madzulo aliwonse, poyera, n'kukhala pakhonde pathu kuti aliyense awaone. Anayambana ndi abale awo enieni chifukwa cha ine.

"Uyu ndi mlendo wanga," ankawauza. "Wakhudza iye wakhudza ine." Kwa ine ankati, "Limbani mtima, aMbewe. Ng'ombe ikachira tikatenga zipika, tiotcha, mbwenu milomo yonse itsekeka."

Ndinkadziuza kuti mudzi wonse ukhoza kundiganizira zilizonse, bola munthu mmodziyu akundidziwa. Pa iye ndi pamene panatsamira moyo wathu wonse kumeneko.

Ndiyeno linafika tsikulo. Ndinadzuka thupi lili nyatanyata ndi thukuta. Kunja kunali duu, tsamba ngakhale limodzi losagwedezeka. Utsi wa m'makhitchini sunkakwera, unkakwawa pansi. Kudambo anang'omba, mbalame zazikulu zakuda zija, ankalira ndi mawu awo aja onga ng'oma yakutali. Agogo anu anandiitana kuti ndione mchere, unali utanyowa. Ndinathamangira ku nsungwi. Kasanza kaja, kamene masabata onsewo kankaloza kumadzulo, kanali katalendewera, ndipo ndikuyang'ana choncho kanadzuka pang'onopang'ono n'kuloza kumwera chakum'mawa. Mphepo inali itatembenuka. Ndinaimva kumaso, yofunda, yonyowa.

"Nabanda, yafika!" ndinafuula. "Iyi si ya mtambo umodzi, ndi ya dziko lonse. Lero lomwe."

Ndinali wokondwa ngati mwana. Nditatembenuka ndinawaona akubwera.

Anali amayi a m'mudzimo, pafupifupi onse, atandondozana m'kanjira, ena atanyamula makasu, ena minsi. Sankaimba, sankalankhula, ngakhale ana a kumsana sankalira. Amuna anatsalira patali, pansi pa mtengo wa mango. Amayiwo anafika n'kukhala pansi kuzungulira uvuni. Akanabwera akukuwa bwenzi ndikudziwa chochita. Anyamoyo anadza patsogolo panga, anagwada, anaomba m'manja mwaulemu ngati kwa apongozi.

"Monire, adada. Tabwera kudzapempha. Ndapota, timasulireni vula."

Pomwepo ndinaona dzenje limene ndinali nditaimapo. Kumwamba kunali kukadali koyera, koma ine ndinkadziwa chimene chinkabwera. Akagumula uvuni m'mawa uno, mvula n'kugwa masana, ndani padziko lino akanandikhulupiriranso?

"Amayi," ndinatero, "ndikupempha tsiku limodzi lokha. Lero musaukhudze. Mvula ibwera lero lomwe, dzuwa lisanalowe, uvuniwu uli chiimire. Ikapanda kubwera, mawa ndiugumula ndekha ndi manja angawa."

Panamveka kung'ung'udza. Anyamoyo anakweza maso.

"Mwadziwa bwanji kuti ndi lero?"

Ndinayamba kufotokoza za mphepo, za mapiri, za nyanja, za chivundikiro cha mphika, zonse zimene ndakuuzani zija. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Adada, mapiri akhalapo ife tisanabadwe. Nyanja nayo si ya dzulo yayi. Chachilendo m'mudzi muno ndi uvuni uwu, ndi kasanza kali pa nsungwiko."

Nthawi yomweyo aZgambo anatulukira kuchokera kukhola, akuthamanga, n'kuima pakati pa amayiwo ndi uvuni, manja atatambasula.

"Mwapenga kasi? Munthu wapempha tsiku limodzi. Tsiku limodzi likupwetekani chiyani?"

Anyamoyo anamasula mfundo ya pa chitenje chawo n'kutambasula dzanja. Munali njere za chimanga zimene anafukula m'munda mwawo, zofota, zakupsa.

"Iyi inali mbewu yanga yomaliza, aZgambo. Ana aja ndiwadyetsa njerwa?"

AZgambo anayang'ana njerezo, anayang'ana kumwamba kopanda mtambo, anandiyang'ana ine. Manja awo anatsika okha. Anyamoyo anadzuka, anawalambalala, anakweza munsi n'kumenya pa ngodya ya uvuni.

Anaugumula mwadongosolo ngati akukolola, wina osalankhula ndi mnzake. Kunkangomveka di, di, di. Fumbi lofiira linkakwera n'kuwagwera m'mitu. Thukuta langa ndi la agogo anu la chilimwe chonse linasanduka mulu wa zibuma ife tikuyang'ana. Agogo anu sanalire, anangondigwira malaya kumbuyo. Pomaliza mayi wina anazula nsungwi ija, anaithyola pabondo, ndipo kasanza anakanyamula ndi kamtengo, osakakhudza ndi dzanja.

Asanapukute n'komwe fumbi kumaso, kuwala kunasintha. Kunachita chikasu, ngati dzuwa ladwala. Nkhuku zinayamba kulowa m'khola masanasana. Kumpoto chakumadzulo, kumene anthu sankayang'anako n'komwe masiku onsewo, kunali kutaima chimtambo kuyambira pansi mpaka kumwamba. Bingu linagunda kamodzi, motsika, mpaka ndinalimva m'mapazi. Kunabwera kamphepo kozizira. Dontho loyamba linagwera pa mulu wa zibuma uja n'kusiya kadzenje m'fumbi.

Kenaka inakhuthuka. Mvula yoteroyo anthu amailandira ndi nthungululu, ana amavula n'kumavina pabwalo. Tsiku limenelo palibe analuluta. Amayi onse aja anaima m'mvulamo, madzi ofiira akutsika kumaso kwawo, ndipo mmodzimmodzi anatembenuka n'kundiyang'ana. Amuna a pansi pa mango nawo ankandiyang'ana. M'maso mwawo munalibe mkwiyo. Anayamba kuchoka mwakachetechete, ena akuyenda chafutambuyo, osafuna kundipatsa msana.

Inagwa tsiku lonse osadukiza. Njerwa zanga zinasungunuka, ndipo matope ake ankadutsa pakhomo pathu kutsikira kudambo. Tinakhala m'kanyumba kaja osasonkha ngakhale moto. Ndinauza agogo anu kuti asadandaule, aZgambo anamva ndi makutu awo kuti ndinaneneratu uvuni usanakhudzidwe, iwo akudziwa, ndipo pang'onopang'ono adzawabweza anthu.

Chakumadzulo, kusanade, aZgambo anabwera atafunda thumba kumutu. Sanalowe, anaima pakhonde. Agogo anu anawapatsa mpando, sanakhale. Anawapatsa chikho cha chindongwa, anachilandira ndi manja awiri n'kungochigwira.

"AZgambo," ndinatero, "inu mukundidziwa. Munamva nokha. Ndinanena m'mawa kuti ibwera, asanayambe kugumula."

"Enya, munanena."

Madzi ankangotsika m'tsindwi. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Ine sindikuthamangitsani yayi, aMbewe. Munda ngwanu. Chilimwe chikabwera tiumbanso, ndikuthandizani ndine. Koma ndapota, chinthu chimodzi. Ine ndi inu tachokera kutali. Chaka chamawa mukafuna kuimanga vula, mundinong'oneze ine ndekha, ndisataye mbewu."

Ndinayang'ana nkhope yawo kufunafuna nthabwala, pakuti munthu uja sankatha tsiku osandiseka. Munalibe. AZgambo ankandiopa.

Ana inu, akanandimenya ndikanakhalabe m'mudzi muja. Akananditukwana, akanalanda munda, ndikanapirira, mlendo amapirira zambiri. Koma kukhala moyandikana ndi munthu amene anapulumutsa mwana wanga, iye akundikonda uku akundiopa, akuyang'ana pakamwa panga chaka ndi chaka asanabzale, zimenezo mtima wanga unakana. Pomwepo ndinadziwa kuti msewu ukangouma tikumanga katundu, ndipo ndi mmene tinapezekera pano pa boma. Koma iwo anali ataimabe pakhondepo, akudikira yankho. Ndikanati chiyani? Kukana kukanangowawonjezera mantha.

"Ndidzakuuzani, aZgambo," ndinatero.

Anapumira m'mwamba ngati munthu watula mtolo wa nkhuni.

"Yewo chomene, aMbewe."

Anaika chikho pansi osamwako, anafundanso thumba lawo n'kulowa m'mvula. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ine ndi iwo tinalankhulana.